Sakudya, ndiye abaya bwanji?

Ndinamumva asanalowe n'komwe. Pali kapumidwe kena kamene ukakamva kamodzi sukaiwalanso: munthu amakoka mpweya kuchokera pansi pa mimba, n'kuutulutsa wonse, n'kukokanso, osalekeza, ngati wathamanga kuchokera ku Mbare Musika mpaka m'tauni pomwe wangogona pa machira. Ndi kapumidwe ka wodwala matenda a shuga amene zamufika poipa. M'mabuku athu a unamwino kumatchedwa kupuma kwa Kussmaul, dzina la dokotala wa ku Germany, Adolf Kussmaul, amene anakufotokoza mu 1874. Masiku amenewo insulini kunalibe, ndiye dokotala akamva kapumidwe kameneka ankangodziwa kuti achibale ayambe kusonkhana.

Unali usiku wa mu Julayi, kuzizira kwa mu Harare kuja kolowa mpaka m'mafupa, nthawi itangodutsa 11 koloko. Anamubweretsa pa galimoto ya munthu woyandikana naye nyumba ku Mufakose. Mnyamata wa zaka 19, woonda, maso atalowa m'kati, milomo itang'aluka ngati dambo la mu Okutobala. Dzina lake sindilitchula. Pambuyo pake panali agogo aakazi, chitenje atafunda pamwamba pa juzi, m'manja muli kajumbo ka pulasitiki. Kalaliki anawafunsa m'Chishona, iwo n'kuyankha m'Chishona chabwinobwino. Koma titamukweza mnyamata uja pa bedi, ndinamva akudziyankhulira okha chapansipansi kuti, "Mayo ine, mwana akupita uyu."

Ndinacheuka. "Agogo, sapita. Khalani apa, ndikufunsani zambiri posachedwa."

Anandiyang'ana ngati aona mzukwa. Ife ana a matchona timadziwana choncho, mwangozi. Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza nthawi ya Chitaganya kubwera ku Halale, monga ankatchulira iwowo, kudzaphikira azungu, ndipo sanabwererenso. Ine ndinabadwira ku Highfield. Chichewa ndimayankhula kunyumba, kutchalitchi Lamulungu, ndi pamaliro. Kuntchito chimatuluka mwa apo ndi apo, koma usiku umenewo ndi chimene chinandipatsa yankho lomwe fomu ya kalaliki sikanandipatsa.

Koma choyamba manja, mafunso pambuyo. Nditamuweramira ndinamva fungo lija, ngati mankhwala ochotsera kyutekisi m'zikhadabo osakaniza ndi zipatso zoyamba kuvunda. Si namwino aliyense amalimva, anzanga ena mphuno zawo sizilitola n'komwe, ndiye sitilidalira. Ndinamubaya pachala. Kamakina koyezera shuga sikanapereke nambala, kanangolemba kuti HI, kutanthauza kuti shuga wapyola pomwe iko kamatha kuwerenga, kupitirira 33. Mkodzo utapezeka, kapepala koyezera maketoni kanasanduka kofiirira kwambiri nthawi yomweyo. BP inali 88 pa 50, mtima ukugunda ka 128 pa mphindi. Magazi atayezedwa, pH inali 7.05, pomwe ya munthu wabwino imakhala pakati pa 7.35 ndi 7.45. Zitatu zija zinakwana: shuga wopyola 11, maketoni ochuluka, magazi a asidi pH ili pansi pa 7.3. Ku casualty, kofikira odwala mwadzidzidzi, timangoti DKA, chidule cha diabetic ketoacidosis.

Achibale ndimawafotokozera chonchi. Shuga ali ngati thumba la ufa lomwe lafika pakhonde, ndipo insulini, yomwe imapangidwa ndi kapamba, ndiye munthu wolinyamula kulowetsa m'nyumba. Munthuyo akasowa, matumba amangounjikana pakhonde pomwe ana m'nyumba akufa ndi njala. Thupi likaona njala imeneyo limayamba kuwotcha mafuta ake, ngati banja lomwe layamba kusonkhezera moto mipando ndi zitseko. Utsi wa moto umenewo ndiwo maketoni, opangidwa m'chiwindi, ndipo ndi asidi. Kupuma kuja ndi thupi likuyesa kutulutsa asidiyo kudzera m'mapapo. Uku impso zikutaya shuga wochulukayo mumkodzo, shugayo akukoka madzi ndi mchere wa m'thupi. Munthu amakodza, amamwa, amakodzanso, kenako ayamba kusanza, zomwazo osakhalanso m'mimba. Wamkulu amatha kutaya madzi okwana mamililita 100 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Mnyamata wathu tinamuyerekeza makilogalamu 55, ndiye ganizirani chigubu cha malita asanu cha mafuta ophikira, chodzaza, n'kuwonjezerapo kena.

N'chifukwa chake choyamba si insulini, ndi madzi. Anthu ambiri amadabwa nazo, ngakhale ophunzira unamwino akabwera kumene. Mitsempha yake inali itaphwa, ndinalephera kawiri padzanja ndisanaipeze pa mkono, mnzanga n'kupeza wina mbali inayo. Popeza BP inali pansi pa 90, dokotala analamula theka la lita la normal saline, madzi amchere a m'diripi, liyende m'mphindi 15, tikufinya thumba ndi manja. BP itakwerako, lita ina inayenda kwa ola limodzi, zotsatira zake pang'onopang'ono, maola awiri, awirinso, kenako anayi. Tinamugoneka chammbali chifukwa munthu wosinza chonchi akasanza, masanziwo amalowa m'mapapo. Tinaika kachubu ka mkodzo kuti tiziwerenga zotuluka.

Insulini inabwera madzi atayamba kale kuyenda: mayunitsi 50 a Actrapid, insulini yogwira ntchito msanga, osakaniza ndi saline kuti zikwane mamililita 50, pa pampu, mlingo wake 0.1 pa kilogalamu pa ola. Kwa iye ndiye 5.5 pa ola. Oyamba kutuluka m'chingwe timataya kaye, chifukwa insulini imamatirira ku pulasitiki. Usiku umenewo tinachita mwayi, pampu inalipo yosagwiritsidwa ntchito. Masiku ena imasowa, ndiye timabaya mumnofu ola lililonse, zomwe zimagwira ndithu malinga munthu walandira madzi okwanira kuti magazi aziyenda, komanso malinga namwino sakuiwala wotchi.

Zitakhazikika pang'ono ndinakoka mpando kukhala pafupi ndi agogo aja.

"Agogo, wabaya liti komaliza?"

"Lolemba madzulo." Limenelo linali Lachinayi.

"Mankhwala anatha?"

Anatsegula kajumbo kaja, natulutsa kabotolo kokutidwa ndi kansalu konyowa. Insulini yoyera ngati mkaka ija, yobaya kawiri pa tsiku, inalimo ndithu, yotsala pang'ono pansi.

"Alipo, mwanangu. Koma mwana sakudya. Kuyambira Lachiwiri nsima akuikana, phala akusanza. Sakudya, ndiye abaya bwanji? Anatiuza okha ku chipatala kuti ukabaya udye."

Sindinawakalipire, ndipo ndimakwiya ndikamva mnzanga akukalipira achibale pa nkhani imeneyi. Agogo aja sanachite zaumbuli. Anachita ndendende zimene anamva. Chaka chatha mdzukulu wawo anabaya m'mawa n'kuthamangira minibasi osadya, anagwa kuntchito thukuta lili kamukamu, anthu mpaka anamuthira shuga m'kamwa. Kuyambira pamenepo iwo anaika lamulo m'nyumba: popanda mbale, palibe jakisoni. Theka la phunziro tinawapatsa ifeyo, theka linalo sitinawapatse. Palibe amene anawauza kuti chiwindi chimatulutsa shuga ngakhale munthu asanadye kanthu, kuti thupi likamadwala limafuna insulini yochulukirapo osati yochepa, ndi kuti kwa wodwala shuga wa mtundu woyamba, amene kapamba wake anasiyiratu kugwira ntchito, tsiku limodzi kapena awiri opanda jakisoni ndi okwanira kumufikitsa pa bedi limeneli.

Kusanza kutakula anaganiza za kolera. Ndani mu Harare muno angawanene? Tinaona za mu 2008, tinaonanso za mu 2018 zitayambira ku Glen View ndi Budiriro, ndiye munthu akayamba kusanza maganizo amathamangira ku madzi a pa mjigo. Ludzu litamukulira anamusungunulira chakumwa cha shuga cha Mazoe, botolo lathunthu linatha m'masiku awiri. Mimba itayamba kupweteka, mayi wina wapafupi anati ndi apendikisi, zomwe ngakhale madokotala amasokonezeka nazo, chifukwa DKA imapweteketsa mimba kwambiri, ululuwo n'kutha wokha asidi akatsika. Kupuma kuja kutayamba anati mwina ndi mphumu. Ena anayamba kale kunong'ona zoti mwana watsikiridwa, apite naye kwa aneneri. Amene anadula nkhani ndi mwini galimoto uja, ataona kuti mnyamata sakuyankhanso akamuitana.

Funso lina linatsala: n'chiyani chinamudwalitsa poyamba kuti asiye kudya? DKA kawirikawiri imakhala ndi choiyambitsa, kaya kusiya insulini, kaya matenda ena monga chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, chilonda cha paphazi, kapena zonse pamodzi. Thupi lake silinali lotentha, koma zimenezo sizitsimikizira kanthu, odwala amenewa ambiri amakhala ozizira ngakhale ali ndi mafinya penapake. Pomutembenuza kuti tisinthe nsalu, ndinakweza mkono wake wamanzere, iye n'kubuula koyamba usiku wonse. M'khwapa munali chithupsa chachikulu ngati dzira la nkhuku, chofiira, cholimba. Agogo sankachidziwa. Mnyamata wa zaka 19 savula malaya pamaso pa agogo ake. Dokotala anayamba maantibayotiki, m'mawa anachitumbula.

Tsopano ndinene za chinthu chomwe chimandisowetsa tulo, potaziyamu, mchere wina wa m'thupi. Shuga amaoneka, aliyense amamufunsa, achibale amafuna kumva nambala yake. Potaziyamu safunsidwa ndi munthu, koma ndiye amaimitsa mtima. Zotsatira zoyamba za mnyamata uja zinati 4.9, nambala yokongola zedi. Ndi yonyenga. Insulini ikasowa, potaziyamu amatuluka m'maselo kudzakhala m'magazi, wambiri n'kutayika mumkodzo ndi m'masanzi, ndiye m'magazi amaoneka wokwanira pomwe thupi lonse lili mbee. Ukangoyamba insulini, amabwereranso m'maselo, m'magazi n'kutsika mofulumira. Lamulo lomwe timatsata ndi loti akakhala pamwamba pa 5.5 sitiwonjezera, akakhala pakati pa 3.5 ndi 5.5 timathira mamilimolo 40 mu lita iliyonse bola mkodzo ukutuluka, akatsika pansi pa 3.5 timaitana dokotala wamkulu msanga ndipo insulini imayamba yadikira. Potaziyamu sabayidwa mwachindunji mumtsempha, ngakhale pang'ono, amapha pompo. Timathira m'thumba, kulikhutchumula bwinobwino kuti asakhale pansi, kulembapo ndi zilembo zazikulu, anamwino awiri kusaina. Cha m'ma 3 koloko wake anafika 3.6 ngakhale tinali tikuwonjezera kale. Magazi amenewo ndinapita nawo ndekha ku labu n'kuimirira pawindo mpaka anandipatsa yankho. Mnyamata wa ku labu amandidziwa, amati ndine wovuta.

Ntchito yeniyeni ya namwino pa DKA ndi tchati, ndipo n'njotopetsa. Ola lililonse: shuga, kugunda kwa mtima, BP, kapumidwe, mkodzo watuluka mamililita angati, madzi alowa angati, akuyankha bwanji ukamuitana. Timafuna shuga azitsika ndi 3 pa ola, maketoni a m'magazi ndi 0.5 pa ola, mkodzo usachepere mamililita 0.5 pa kilogalamu pa ola. Zikapanda kutsika, usanathamangire kukweza mlingo, yang'ana chingwe. Kangapo ndapeza kanula, kachubu ka diripi, katatuluka mumtsempha, insulini ikungonyowetsa bandeji. Tizipepala toyezera maketoni m'magazi sitipezeka nthawi zonse, ndipo ta mkodzo tili ndi vuto lake: timaona mtundu umodzi wokha wa maketoni, acetoacetate, osati beta-hydroxybutyrate womwe ndi wochuluka, ndiye timatha kumaonetsabe kufiira munthu akuchira. Kwa ana ndi achinyamata ngati ameneyu pali choopsa china, kutupa kwa ubongo madzi akalowa mothamanga kwambiri. Wodwala amene anayamba kutsitsimuka akayamba kudandaula mutu, kuvuta, kapena kusinzanso, sunena kuti watopa, umaitana dokotala. Ndiye ola lililonse ndinkamugwedeza, "Achimwene, muli kuti pano?" Cha m'ma 2 anangong'ung'udza. Cha m'ma 4 anatsegula maso n'kunena m'Chishona kuti akufuna madzi. Agogo anaomba m'manja kamodzi, mofatsa.

Itakwana 5 koloko shuga anafika 13.6. Ndinabweretsa thumba la dextrose wa 10 peresenti n'kulipachika pambali pa saline, mamililita 125 pa ola. Agogo sadziwa kuwerenga, koma anamva mnzanga akunena kuti ndi glucose, ndipo mawu amenewo amawadziwa. Anadzuka pampando n'kundigwira mkono.

"Asisitala, mukumuthiranso shuga? Shuga yemweyo wafuna kumupha?"

Ndinawamvetsa kwambiri, chifukwa ine ndemwe ndinalakwitsapo pamenepa. Chaka changa choyamba ku casualty ndinali ndi mayi wina wa DKA. M'bandakucha shuga wake anatsika kufika 9. Ndinaona kuti ndagwira ntchito, ndinaopanso kuti atsikiratu, ndiye ndinazimitsa pampu ya insulini osafunsa munthu, n'kupita kukathandiza amene anabwera ndi ngozi ya galimoto. Sisitala wamkulu atabwera patapita maola awiri, anaima pa bedi n'kumvetsera. Kupuma kuja kunali kutayambiranso. Sanandikalipire pagulu. Anayatsa pampu, anapachika dextrose, kenako anandikokera ku chipinda chochapira ziwiya n'kundifunsa kuti, "Ukuchiza nambala kapena ukuchiza asidi?" Mayi uja anachira, koma anakhala maola ena ambiri pa diripi chifukwa cha ine. Insulini ya mumtsempha imatha mphamvu m'mphindi zochepa chabe, ukazimitsa thupi limabwerera pomwepo kukawotcha mafuta. Shuga amatsika msanga, asidi amatsalira m'mbuyo. Ndiye shuga akafika pansi pa 14 timamupatsa wina kudzera m'diripi kuti insulini ipitirize kuyenda mpaka maketoni athe, munthu osakomoka ndi kuchepa kwa shuga.

Kwa agogo ndinangoti, "Matumba a pakhonde achepa, agogo, koma utsi m'nyumba udakalipo. Wonyamula uja tikufuna apitirize kugwira ntchito, ndiye tikumupatsa choti azinyamula." Anandisiya mkono, koma thumba lija analiyang'anitsitsa mpaka kunacha.

Ndinaweruka 7 koloko atamusamutsira ku wodi yoyang'anira odwala kwambiri. Usiku wotsatira ndisanayambe ntchito ndinakwera kukamuona. pH inali itadutsa 7.3, maketoni atatsika pansi pa 0.6, anali atamwa phala madzulo. Namwino wa kumeneko anachita bwino: anamubaya jakisoni wa pakhungu nthawi ya chakudya, pampu n'kuisiya ikuyendabe kwa ola lina asanaizimitse, kuti pasakhale mpata wopanda insulini. Mnyamata anali atakhala tsonga akufunsa foni yake. Chichewa amamva koma amayankha m'Chishona, monga ana athu ambiri.

Ndinang'amba pepala m'kabuku kanga n'kulemba m'Chichewa, zilembo zazikulu, pansi pake m'Chishona. Ukadwala, insulini siusiya, ngakhale usakudya. Yeza shuga maola atatu kapena anayi alionse. Imwa madzi pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Ngati nsima sikulowa ndipo shuga sali pamwamba, imwa tiyi wa shuga kapena maheu pang'ono m'malo mwa chakudya, mlingo wa jakisoni ufunse ku chipatala, osadzichotsera wekha. Ukasanza kawiri katatu osasunga madzi, kapena shuga akakana kutsika pansi pa 14, kapena mimba ikayamba kupweteka, kapena kupuma kukasintha, bwera usiku womwewo, osadikira kuche. Ndinawerengera agogo kawiri, iwo n'kubwereza mzere woyamba okha.

Kenako anandifunsa zomwe anasunga kuyambira dzulo lake. "Nanga inu mfunda wanu ndani?" Nditati ndine Naphiri, anaseka koyamba, n'kunena kuti malemu amuna awo analinso a Phiri, a ku Kasungu, anabwera kudzagwira ntchito ya njanji. Basi ndinasanduka mlamu.

Kansalu konyowa kaja ndinawayamikira. Kunyumba kwawo furiji ilipo koma magetsi amathima nthawi yaitali, ndiye kabotolo amakasunga mumtsuko wadothi wa madzi pakona yozizira, zomwe ndi nzeru yabwino, insulini yotsegula imakhala pafupifupi mwezi ikapanda kutenthedwa kapena kuombedwa ndi dzuwa. Koma nditafunsa kuti kabotoloko anakagula liti, masiku sanagwirizane ndi mlingo wolembedwa pa khadi. Mnyamata anawerama. Kwa miyezi iwiri wakhala akubaya mochepetsa kuti kafike kumapeto kwa mwezi, agogo osadziwa. Amagwira maganyu pa malo otsukira magalimoto, ndalama ya mankhwala imachokera kwa azakhali ake a ku Joni, ndipo ku famase amafuna madola a ku America. Insulini inatulukiridwa ku Toronto mu 1921, mwana woyamba kubayidwa, Leonard Thompson, anali wa zaka 14 mu Januwale 1922, ndipo oitulukirawo anagulitsa umwini wake ku yunivesite pa dola imodzi aliyense. Ndimakumbukira zimenezi nthawi iliyonse ndikaona munthu akuunika kabotolo pawindo kuti aone madontho otsala.

Ndinalemba dzina lake kuti a zachisamaliro cha anthu amuone asanatuluke, ndinauzanso amayi a chigwirizano kutchalitchi kwathu, osatchula kuti ndi ndani. Tsiku lotuluka agogo anandidikira pageti ndi mtedza wokazinga m'kajumbo komwe kaja. Pepala lija anali atalipinda kanayi n'kulimanga pa mfundo ya chitenje, pomwe amamangapo ndalama. Kabotolo katsopano komwe anapatsidwa, pa mlingo wake weniweni, kamukwanira masiku 25, ndipo azakhali aja foni yawo inali isanayankhidwe.